Kugundana kwa Sitima za Katundu pa Nyanja ndi pa Mitsinje

Kugundana kwa sitima ndi ngozi imene imachitika pamene sitima ziwiri, kapena sitima ndi bwato, zawombana pamadzi, kaya zonse zili paulendo kapena imodzi yaima pa nangula. Ngoziyi ikachitika pa nyanja ya m'kati mwa dziko kapena pa mtsinje imakhala ndi zovuta zakezake. Malo opatukirana ndi ochepa, madzi amene aipitsidwa ndi omwewo amene anthu amamwa ndi kuphamo nsomba, ndipo thandizo limachokera kutali. Nkhani ino yakonzedwa pofuna kuthandiza amalonda, makalabu a alimi, makhansala, aphunzitsi ndi ophunzira kumvetsa zimene zimayambitsa ngozi zotere, zimene zimawonongeka, ndiponso amene amasenza mlandu wake.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza anthu akumtunda

Munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje angathe kufunsa kuti za sitima zikumukhudza bwanji, poti kwawo ngolo, njinga ndi malole ndizo zimanyamula fodya, soya ndi mtedza. Pali zingwe ziwiri zimene zimamanga maderawa ku Nyanja ya Malawi. Choyamba ndi madzi. Mvula yogwa m'minda ya ku Mitundu ndi ku Nathenje imatsetserekera m'timitsinje tothira mu Lilongwe ndi mu Diamphwe, mitsinje iwiriyi imathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakamwaza madzi ake m'nyanja m'boma la Salima. Dothi limene lakokoloka pamunda wopanda mizere yabwino silisowa kopita. Mbali ina ya dothilo imakathera m'nyanja, ndipo mchenga ndi matope ndi zina mwa zinthu zimene zimachepetsa kuya kwa madzi pa madoko.

Chachiwiri ndi katundu. Doko la Chipoka ndi lolumikizidwa ku njanji imene imadutsa ku Salima n'kukafika ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene njira za ku Beira ndi ku Nacala zidatsekeka, dziko lino lidakonza njira ya kumpoto: katundu ankatsika pa doko la Dar es Salaam, kuyenda pa njanji mpaka ku Mbeya, pamsewu mpaka ku Chilumba, kenaka pa sitima kudzafika ku Chipoka. Sitima imodzi yonyamula matani 1,000 a feteleza yanyamula matumba 20,000 a makilogalamu 50, katundu wofuna malole oposa 30 a matani 30 lililonse. Sitima yotere ikamira mu Novembala, mlimi amene sadaiwonepo nyanja ndi maso amamva kuwawa kwake pa nthawi yothira feteleza wokulitsa.

Sitima ndi madoko a pa Nyanja ya Malawi

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, m'lifupi imafika makilomita pafupifupi 75, ndipo chakumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Sitima yoyamba yoyendera nthunzi, Ilala, idalowa m'nyanjayi mu Okutobala 1875 ndi amishoni a Livingstonia. Ilala imene tikuidziwa lero ndi yachiwiri. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, idabwera m'zidutswa, ndipo idayamba ntchito mu 1951. Imanyamula anthu ndi katundu pamodzi. Sitima zina zimene zagwirapo ntchito ya katundu ndi Mpasa, Karonga, Katundu yonyamula makontena, ndi Ufulu yonyamula mafuta. Madoko akuluakulu ndi Monkey Bay, kumene kuli malo okonzerako sitima ndi sukulu yophunzitsa amalinyero, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba.

Nyanjayi sitiyendamo tokha. Ku Tanzania kuli sitima za katundu za Ruvuma ndi Njombe pamodzi ndi Mbeya II yonyamula anthu, ndipo ku Mozambique sitima ya Chambo imanyamuka ku Metangula. Kuwonjezera apo pali maboti a injini onyamula matumba a usipa, simenti, shuga ndi zakumwa kupita ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, komanso mabwato a asodzi osawerengeka. Sitima za maiko atatu, zilankhulo zosiyana pa wailesi, ndi mabwato ambiri opanda nyali: apa ndi pamene ngozi ya kugundana imabisala.

Ngozi yaikulu koposa m'mbiri ya nyanja yathu idabwera ndi mphepo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yomwe idali itangoyamba kumene ntchito, idagubuduzika mu mwera pafupi ndi Florence Bay, kumunsi kwa Livingstonia, ndipo anthu 145 adafa. Chikumbutso chawo chili pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Vipya sidagundane ndi sitima ina, koma idasonyeza zinthu ziwiri zimene zimagwiranso ntchito pa kugundana kulikonse: madzi akayamba kulowa m'sitima nthawi yopulumukira imakhala yochepa zedi, ndipo chimene chamira pakuya pa nyanja ino sichivuulidwa. Vipya ili pansi pa madzi mpaka lero.

Kabalega ndi Kaawa

Chitsanzo chapafupi cha sitima ziwiri za katundu zimene zidagundana pa nyanja yonga yathu chili pa Nyanja ya Victoria. Bungwe la njanji la dziko la Uganda lidali ndi sitima zitatu zofanana, Kabalega, Kaawa ndi Pemba, zimene mabogi a njanji ankalowamo ndi katundu wake yemwe, n'kuwoloka pakati pa Port Bell ku Uganda ndi Mwanza ku Tanzania. Usiku wa pa 8 Meyi 2005, kusanache, Kaawa ikupita ku Mwanza ndipo Kabalega ikubwerera ku Port Bell, sitima ziwirizi zidawombana pakati pa nyanja. Kaawa idaphwanyika kutsogolo koma idakwanitsa kubwerera ku doko. Kabalega idabooka kunsi kwa mzere wa madzi, ndipo patapita maola angapo idamira chakummwera chakum'mawa kwa zilumba za Ssese pamodzi ndi mabogi ndi katundu yense. Amalinyero ake adapulumutsidwa ndi Pemba.

Chodabwitsa pa ngoziyi n'chakuti malo opatukirana adalipo ochuluka. Nyanja ya Victoria ndi yotambalala kuposa yathu, sitimazo zidali za mwini mmodzi, ndipo oziyendetsa ankadziwana. Kafukufuku amene adachitika pambuyo pake adaloza ku kuchepa kwa maphunziro a amene adali pa chiwongolero usikuwo ndi kuperewera kwa zipangizo zolumikizirana. Zidadziwikanso kuti inshuwaransi ya sitimazo idali itatha mu Disembala 2004 ndipo sidakonzedwenso. Zotsatira zake zidaposa kutayika kwa sitima imodzi. Kaawa ndi Pemba zidaimitsidwa ntchito, ndipo Kaawa idabwerera pamadzi mu 2012. Kwa zaka zonsezo katundu amene akadayenda pa nyanja adasamukira pamsewu, kumene mtengo wake ndi wokwera. Kwa dziko lopanda gombe la nyanja yamchere monga Uganda ndi Malawi, chiwonongeko chenicheni chimakhala chimenechi: njira yonse ya malonda imafa chifukwa cha mphindi zochepa za usiku umodzi.

Zimene zimayambitsa kugundana

Sitima ilibe mabuleki. Woyendetsa akafuna kuima amachepetsa mphamvu ya injini kapena kuibweza m'mbuyo, koma sitima yodzaza katundu imapitirirabe mtunda wotalika kangapo kuposa utali wake isanaime. Chiwongolero nachonso chimamvera bwino pokhapokha madzi akuthamanga pa icho, kotero sitima imene yachepetsa liwiro mwadzidzidzi imavutanso kukhota. N'chifukwa chake kupewa ngozi pamadzi kumachitika sitima zikadali patali. Amalinyero amaphunzitsidwa chizindikiro chosavuta: ukaona sitima ina ikukulirakulira koma siikusuntha pamalo pamene ukuionera, kumanja kapena kumanzere, dziwa kuti njira zanu zikukakumana pamodzi.

Choyambitsa chachikulu ndi munthu. Kutopa, kusinza pa ulonda, mowa, kusiyira chiwongolero munthu wosaphunzira, ndi kungoganizira zimene mnzako achite m'malo momufunsa pa wailesi, ndi zinthu zimene zimapezeka kawirikawiri m'malipoti a ngozi. Pa 23 Julayi 2008, pa mtsinje wa Mississippi mu mzinda wa New Orleans, sitima ya mafuta ya Tintomara idawomba chombo cha mafuta chimene chinkakankhidwa ndi kasitima kotchedwa Mel Oliver. Kaputeni wa kasitimako adali atachokamo masiku angapo m'mbuyomo, ndipo pa chiwongolero padali wophunzira amene chiphaso chake sichinkamulola kuyendetsa yekha. Malita oposa 1 miliyoni a mafuta adatayikira mumtsinje, sitima zidaletsedwa kudutsa kwa masiku angapo, ndipo mapaipi otunga madzi akumwa kumunsi kwa mtsinjewo adatsekedwa.

Chachiwiri ndi kusaona bwino. Pa nyanja yathu izi zimabwera m'njira zingapo. Pali mvula yamkuntho ya m'dzinja, pali utsi wa moto wolusa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo pali nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi n'kupanga mtambo wonga utsi. Koma chovuta kwambiri ndi usiku wa mdima pa nyengo ya usipa. Asodzi a chilimira amayatsa nyali zowala pofuna kukopa nsomba, moti nyanja imaoneka ngati mzinda. Mlonda wa pa sitima amavutika kusiyanitsa nyali ya msodzi ndi ya sitima inzake, ndipo mabwato okoka ukonde, amene alibe nyali konse, amakhala mumdima pambali pa kuwalako. Bwato la mtengo silioneka bwino pa makina a rada, makamaka nyanja ikawinduka.

Chachitatu ndi mphepo. Mwera, umene umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa makamaka kuyambira Meyi mpaka Seputembala, umayenda utali wonse wa nyanja ndipo umautsa mafunde aakulu chakumpoto. Mpoto umabwera m'nyengo ya mvula. Mphepo zimenezi zimakankha sitima cham'mbali ikamakocheza, zimakokolola nangula wa sitima yoima n'kukaiwombetsa ku inzake, ndipo zimadula zingwe zokokera. Nthambi yoona za nyengo imapereka machenjezo a mwera pa wailesi, ndipo mwini sitima amene amakakamiza kaputeni kunyamuka chenjezo litaperekedwa amadzisenzetsa yekha gawo la mlandu.

Chachinayi chimachitika m'malo opanikiza, ndipo anthu ambiri sachidziwa. Sitima ikamayenda pafupi ndi gombe kapena m'madzi osaya, madzi amene akudutsa pakati pa iyo ndi gombelo amathamanga kwambiri, mphamvu yake yokankha imachepa, ndipo kumbuyo kwa sitima kumakokeredwa ku gombe pamene kutsogolo kukukankhidwira pakati pa mtsinje. Sitima ziwiri zodutsana moyandikana zimakokananso chimodzimodzi. Mphamvu imeneyi imakula msanga liwiro likakwera. Pa 11 Julayi 2020, mu ngalande ya Welland ku Canada, sitima ya Florence Spirit yonyamula malasha idapatuka yokha pa njira yake n'kukawombana ndi Alanis masanasana, kunja kuli mbee, oyendetsa onse akuonana. Palibe adavulala, koma sitima zonse ziwiri zidawonongeka. Ofufuza adapeza kuti liwiro ndi kuyandikira gombe ndizo zidalanda woyendetsa ulamuliro.

Apa ndi pamene nkhani ya matope ibwereranso. Madzi a m'nyanja yathu amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya zaka zingapo. Pakati pa 1915 ndi 1935 adatsika mpaka mtsinje wa Shire udaleka kutuluka bwino m'nyanja, pamene mu 1980 ndi mu 2024 adakwera mpaka kumiza nyumba za m'mphepete. Madzi akatsika ndipo mchenga waunjikana, njira yolowera pa doko imachepa, ndipo sitima zimakakamizika kudutsana pafupi. Madzi akakwera, miyala ndi zipilala zimene zinkaoneka zimabisika.

Shire ndi Zambezi

Kale sitima za kampani ya Mandala ndi makampani ena zinkayenda kuchokera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo ndi ku Katunga. Njanji ndi mlatho wa Dona Ana, umene udatsegulidwa mu 1935, zidathetsa malonda amenewa. Doko la Nsanje lidakhazikitsidwa pa 23 Okutobala 2010 ndi cholinga chotsitsimutsa njirayi. Pa mtsinje ngozi zake n'zosiyana ndi za pa nyanja: makhwawa obisa sitima imene ikubwera, milu ya mchenga yosuntha chaka ndi chaka, namasupuni wokola injini, mabwato owolotsa anthu modula njira, ndi mvuu. Mu Meyi 2023 mvuu idagunda bwato lowolotsa anthu pa Shire m'boma la Nsanje ndipo miyoyo idatayika. Mwambo wa pa mitsinje yambiri ndi wakuti sitima yokwera mtsinje imapatukira yotsika, chifukwa yotsika ikukankhidwa ndi madzi ndipo singaime msanga.

Malamulo a njira

Malamulo opewera kugundana amene dziko lonse limatsata pa nyanja zamchere adavomerezedwa mu 1972 pansi pa bungwe la International Maritime Organization ndipo adayamba kugwira ntchito mu Julayi 1977. Pa nyanja ndi mitsinje ya m'kati, dziko lililonse limaika malamulo ake, koma mfundo zake zimatengera pa omwewa. Kuno kwathu lamulo lalikulu ndi Inland Waters Shipping Act, limene limafuna kuti sitima zilembedwe m'kaundula, ziyesedwe ngati zili zoyenera kuyenda, zikhale ndi chilolezo, ndiponso kuti oziyendetsa akhale ndi ziphaso. Nthambi yoona za maulendo a pamadzi mu Unduna wa za Mtengatenga ndiyo imayang'anira zimenezi.

Mfundo zikuluzikulu si zambiri. Sitima iliyonse ikhale ndi mlonda woyang'ana ndi kumvetsera nthawi zonse, ndipo iyende pa liwiro limene ingathe kuima nalo malinga ndi mmene kukuonekera. Sitima ziwiri za injini zikakumana maso ndi maso, iliyonse ikhotere kumanja kwake. Apa madalaivala athu ayenera kusamala, chifukwa pamsewu tidazolowera kumanzere, koma pamadzi ndi kumanja. Njira zikapingasana, sitima imene ikuona inzake kudzanja lake lamanja ndiyo ipatuke, ndipo ipewe kudutsa kutsogolo kwa inzakeyo. Sitima yopitirira inzake kuchokera kumbuyo ndiyo ili ndi udindo wonse wotalikira. Sitima ya injini imapatukira bwato limene likusodza, koma bwato laling'ono lisatseke njira ya sitima imene ingathe kuyenda pokhapo pamene pali pakuya. Ndipo ngakhale amene ali ndi ufulu wa njira, akaona kuti mnzake sakupatuka, lamulo limamukakamiza kuchitapo kanthu. Kupatuka kukhale kwakukulu ndi koonekeratu, osati kokhota pang'onopang'ono kosiya mnzako akukayika.

Usiku sitima imalankhula ndi nyali: yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, yoyera pamwamba ndi ina yoyera kumbuyo. Ukaona yofiira ndi yobiriwira nthawi imodzi, sitimayo ikubwera molunjika pa iwe. Nyali zoyera ziwiri kapena zitatu zosanjikizana pa mlongoti umodzi zimatanthauza kuti sitimayo ikukoka chombo china kumbuyo, ndipo kudutsa pakati pa ziwirizo ndi kudziponya pa chingwe chachitsulo chosaoneka. Hutala nayo ili ndi chinenero chake. Kulira kumodzi kwakufupi ndiko kuti ndikukhotera kumanja, kuwiri ndikukhotera kumanzere, kutatu injini zanga zikubwerera m'mbuyo, ndipo kusanu kapena kuposerapo ndiko kuti sindikumvetsa zimene ukuchita. Kukachita chifunga, sitima yoyenda imaliza hutala motalika kamodzi pasanathe mphindi ziwiri zilizonse. Pa wailesi ya VHF, tchanelo 16 ndi choitanirana ndi kupempha thandizo, osati chochezerapo.

Zimene zimawonongeka

Sitima imagawidwa m'zipinda ndi makoma achitsulo osalola madzi, ndipo khoma loyamba kutsogolo lidaikidwa dala kuti sitima imene yagunda ndi mphuno isamire. N'chifukwa chake kawirikawiri yogunda imapulumuka, pamene yogundidwa m'nthiti ndiyo imamira, monga zidachitikira Kaawa ndi Kabalega. Bowo likakhala pa chipinda cha injini, magetsi ndi mapampu zimazima pa nthawi imene zikufunika koposa. Madzi olowa amathamangira mbali imodzi, sitima imapendekeka, katundu wosamangidwa amatsetserekera komweko, ndipo kupendekekako kumakula. Zitseko za m'makoma aja zikasiyidwa zotsegula chifukwa cha kutentha, chitetezo chonse chatha.

Katundu amawonongeka ngakhale sitima isamire. Simenti ikanyowa imauma n'kukhala mwala. Feteleza amasungunuka, shuga ndi mchere chimodzimodzi. Chimanga ndi mpunga zimafufuma, kutentha ndi kuchita nkhungu, ndipo sizingagulitsidwenso ngati chakudya. Pamwamba pa izi pali kuwonongeka kwa doko lenileni, ndalama zokokera sitima ku Monkey Bay, ndi miyezi yodikira zitsulo zochokera kunja, pamene anthu a ku Likoma ndi Chizumulu akusowa chowabweretsera katundu.

Chiwonongeko chokhalitsa ndi cha madzi. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amene imataya amachoka ngati nthunzi, kusiya zoipa zonse m'mbuyo. Chimene chalowamo chimakhalitsa kwa mibadwo. M'nyanjayi muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park adalembedwa ndi UNESCO mu 1984 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Mafuta akatayika amayandama, mphepo imawakankhira ku gombe, ndipo amakamatira pa bango, pa miyala ya mbuna ndi pa mchenga pamene chambo chimaswana. Amaipitsa maukonde, amanunkhitsa nsomba, ndipo usipa umene umafika pa msika wa Mitundu tsiku la msika umasowa kapena kukwera mtengo. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi madzi ochokera m'nyanja yomweyi.

Zimene zidachitika ku Bangladesh zikusonyeza kukula kwa vutoli m'dziko losauka. Pa 9 Disembala 2014, m'mamawa kuli chifunga, sitima ya katundu idagunda sitima ya mafuta ya Southern Star VII pa mtsinje wa Shela m'nkhalango ya Sundarbans. Malita pafupifupi 350,000 a mafuta akuda adatayika. Zipangizo zotchingira mafuta padalibe, ndipo anthu a m'midzi ndi ana omwe ankawola mafutawo ndi manja, miphika ndi masiponji. Sitimazo zinkadutsa m'nkhalango yotetezedwa chifukwa njira yake yeniyeni idali itatsekeka ndi matope.

Ngozi ikachitika

Udindo woyamba wa kaputeni aliyense ndi miyoyo. Akaonetsetsa kuti anthu ake ali bwino, ayenera kukhala pafupi ndi sitima inayo ndi kuthandiza mpaka zitatsimikizika kuti thandizo lake silikufunikanso, ndipo apereke dzina la sitima yake, doko lake ndi kumene akupita. Kuthawa pamalo a ngozi ndi mlandu pawokha. Ngati mphuno ya sitima imodzi yalowa m'nthiti mwa inzake, kubwerera m'mbuyo mothamanga kungathe kutsegula bowo limene mphunoyo ikutseka, kotero amalinyero amayamba aona mmene zinthu zilili asanalekanitse sitimazo. Ngoziyo ikanenedwe msanga kwa woyang'anira doko lapafupi, ku nthambi yoona za maulendo a pamadzi ndi ku polisi. Ngati mafuta atayika, bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, lidziwitsidwe, pamodzi ndi khonsolo ya boma ndi makomiti a asodzi a m'mphepete mwa nyanja. Buku la ulendo, lolembedwamo nthawi, liwiro ndi malamulo operekedwa ku injini, lisungidwe mmene lilili. Tsamba lofufutidwa limamutsutsa mwini wake pamaso pa ofufuza kuposa cholakwa chimene amafuna kubisa.

Amene amalipira

Mfundo imene maiko ambiri amatsata idakhazikitsidwa mu pangano la ku Brussels la 1910. Ngati sitima imodzi yokha ndiyo yalakwa, imalipira zonse. Ngati zonse ziwiri zalakwa, mlandu umagawidwa malinga ndi kukula kwa kulakwa kwa iliyonse, ndipo ngati kukulako sikungadziwike, umagawidwa pakati ndi pakati. Ngati ngozi yabwera ndi mphamvu imene munthu sakadatha kuiletsa, aliyense amasenza zake. Pa nkhani ya kuipitsa madzi, woipitsa ndiye amalipira ntchito yoyeretsa.

Pali mwambo wina wakale wa pamadzi umene umadabwitsa amalonda ambiri. Kaputeni akataya dala katundu wina m'madzi kuti apulumutse sitima ndi katundu wotsala, kutayikako sikugwera mwini katundu wotayidwayo yekha. Onse amene katundu wawo wapulumuka, pamodzi ndi mwini sitima, amasonkha molingana ndi mtengo wa zimene zapulumuka. Choncho munthu angathe kulandira matumba ake onse ali ouma koma n'kuuzidwa kuti asonkhe asanawatenge.

Inshuwaransi ya sitima ndi ya katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwini sitima amateteza chombo chake ndi milandu imene angazengedwe, koma mapangano onyamulira katundu kawirikawiri amaika malire pa ndalama zimene wonyamula angabweze pa thumba kapena pa kilogalamu, ndipo malirewo amakhala otsika kuposa mtengo weniweni. Kalabu ya alimi kapena wamalonda amene akutumiza soya, ufa kapena mbatata ku zilumba, kapena kuitanitsa mpunga wa Kilombero ku Karonga kudzera pa nyanja, afunse ngati sitima kapena botilo lili ndi chilolezo chosatha ntchito, alembetse mtundu, kulemera ndi mtengo wa katundu pa chikalata chonyamulira, asunge chikalatacho ndi malisiti ogulira, ndipo katundu akakhala wa ndalama zambiri agule inshuwaransi yake payekha. Katundu akafika wonyowa kapena wosakwana, zilembedwe pa chikalata cholandirira nthawi yomweyo pamaso pa kalaliki wa pa doko, matumba asanakwezedwe pa lole.